Ndere za Tiza

Ku Kalingalinga konse kunalibe munthu wodana ndi ndere kuposa amake Tiza. Dzina lawo lenileni linali Edna, koma ilo linkamveka kutchalitchi kokha. Mvula ikangoyamba, makoma a nyumba za m'komboni imeneyi amabiriwira m'munsi, ndere n'kumera paliponse pamene pali chinyontho: kuseri kwa mabafa, pansi pa mipopi, m'mbali mwa ngalande. Anthu ena ankangoziyang'ana n'kupitiriza zawo. Koma amake Tiza akaona kobiriwira pakhoma lawo, ankachita ngati apeza mphemvu m'ndiwo. Ankayamba ndi bulashi ya waya, kenako mankhwala oyeretsera a jiki, pomaliza laimu, ndipo khoma linkayera mpaka kuthobwa m'maso.

Ndiwo ankatsogolera amayi a mpingo pa ntchito yosesa ndi kukolopa, ndipo sankapsatira mawu. Ngakhale mnzawo wa pamtima, a Virginia, sankapulumuka.

"Ba Virginia, kuseli kwa bafa yanu kwamela munda," ankatero. "Muzakolola liti?"

A Virginia ankangoseka, chifukwa anali munthu wosasunga kanthu kukhosi.

Ndiye onani zochita za Mulungu. Mayi ameneyu anamupatsa mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo anakonda ndere. Tiza ali wamng'ono ankagona chafufumimba kuseri kwa nyumba za eni, mphuno pafupi ndi khoma, kuyang'ana tinthu tobiriwirato ngati muli sinema. Bambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu. Amake anamulera ndi ntchito yochapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga, kumene ankapita wapansi m'mawa uliwonse. Ankayembekeza kuti mwana adzakhala namwino. Mwana anakalowa koleji yophunzitsa zaluso, n'kumabwera kunyumba ndi utoto m'zikhadabo.

M'chaka chake chomaliza, Tiza anabwera ndi nzeru imene inaseketsa komboni yonse. Anati akufuna kuti anthu a ku Kalingalinga apange okha chiboliboli chachikulu cha ndere, achiimike pamphambano ya pafupi ndi msika. Anthu anaseka, koma mtsikanayo anali ndi lilime losatopa. Anayenda kwa owotcherera zitsulo, kwa akalipentala, kwa amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu. Woyamba kuvomera anali a Fanwell, owotcherera zitsulo amene shedi yawo inayang'anana ndi mphambanoyo. Ena anatsatira, poyamba mwamanyazi, kenako mopikisana.

Anasonkhanitsa zivundikiro za migolo, matako a mbaula zakutha, ndi zitsulo za magalimoto akufa. A Fanwell ndi anzawo anazidula, kuzipinda m'mbali ndi kuzilumikiza, mpaka zinayala ngati ndere zija zimamera pamwala, koma zazikulu, zotalika kuposa munthu. Pansi pake, mumthunzi wa zitsulozo, Tiza anafuna kuti pakhale ndere zenizeni, zamoyo. Anapempha nyumba iliyonse kuti ipereke mwala kapena chibenthu cha buloko chokhala ndi ndere za pakhomo pake. Anthu anabweretsa akuseka. Ambiri ankaganiza kuti miyalayo ndi yongoonera, kuti owotcherera azitengerapo maonekedwe.

Amake Tiza okha ndiwo anakana.

"Kwanga kulibe vadoti," anatero.

"Mami, muziyanganeko bwino," anatero Tiza. "Palibe wamene anazibyala, palibe wamene azisamala, aliyense afuna kuzichosa, koma chaka na chaka zilipo. Si ndise ife ba mu komboni?"

"Iwe, unilinganiza na doti? Ndiye vamene nakupelekela kusukulu ivi?"

Tsiku lina amake ali kuntchito, Tiza anagwada pakhomo la kuseri, n'kusolola chibenthu cha buloko chimene chinkachirikiza sitepe. M'mbali mwake, mmene bulashi sinkafika, munali ndere zokhuthala ngati bulangeti. Anachinyamula poyera, kudutsa nacho pamsika, n'kukachiika pakati penipeni pa miyala ina yonse. Madzulo nkhani inali itafika kale kwa amake, kuti ndere zonenepa kuposa zonse zachokera kunyumba kwa mayi waukhondo uja. Anakwiya zedi. Anauza mwana wawo kuti wawachititsa manyazi pa anthu, ndipo madzulo omwewo anathira jiki pansi pa sitepe mpaka fungo linafika kwa aneba.

Mvula inatha. Chiboliboli chinali chitatsala pang'ono kumalizidwa, ndipo anachizinga ndi malata akale kuti anthu adzachione bwino tsiku lotsegulira. Ndiyeno mu Meyi Tiza anadandaula mutu. Anamwa mankhwala, mutu sunaleke. Anapita naye kuchipatala khosi litauma, ndipo sabata isanathe zonse zinali zitatha. M'mawa umenewo namwino atabwera pabedi, amake Tiza anamugwira dzanja kuti asamudzutse mwanayo.

"Musiyeni, sista. Wagona chabe."

Maliro anali aakulu. Owotcherera anatseka mashedi awo, chinthu chimene sichichitika wamba ku Kalingalinga. Anthu atabalalika, amake Tiza anabwerera ku ntchito yawo, ndipo nyumba inayera kuposa kale, chifukwa munalibenso wina woidetsa. Zimenezi zinkawapweteka koopsa. Ankakolopa pansi poyera kale, misozi ikugwera m'ndowa. Pamphambano paja sankadutsa. Ankazungulira njira ya kumsika wa makala, ngakhale inali yaitali.

Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi, a Fanwell anabwera kunyumba. Anakhala pampando atavula chipewa, m'manja ali ndi botolo la pulasitiki lobooledwa timabowo pachitsekero.

"Bamake Tiza, iyi ni botolo yamene Tiza anali kutilila nayo ndele zija. Ine nayesako, koma nchito yanga ni yoyendayenda. Lelo geti ku Chilenje, mailo kwinangu. Manje kwayamba kuuma maningi."

"Zinafa kudala izo, ba Fanwell."

"Na ine nenze kuganiza so. Koma eve anali kukamba ati sizifa. Ati zigona chabe."

Amake Tiza anayang'ana kumbali. A Fanwell sanadziwe chimene mawu awo agunda, anangoika botolo patebulo n'kutsazika.

Botololo linakhala patebulo masiku angapo, iwo akulipukuta fumbi. Kenako m'mawa wina kusanayere bwino, analidzaza madzi, kulibisa m'chitenje, n'kupita pamphambano. Anakankha lata limodzi limene linali losakhomera, n'kulowa chowerama. Zitsulo zinali zitachita dzimbiri lofiirira, ndipo anavomereza mumtima kuti zinali zokongola. Koma miyala ya pansi inali yomvetsa chisoni. Pamene panali ndere panatsala zikoko zouma, zotuwa ndi fumbi, zimene munthu aliyense wanzeru akanazipala. Chibenthu cha kwawo anachizindikira ndi dontho la penti ya buluu, yomwe inagwerapo chaka chimene iwo ndi Tiza ankapenta chitseko.

Anafinya botolo. Madzi anagwa ngati kamvula kowaza. Poyamba palibe chinachitika, ndipo anadzitukwana mumtima kuti mayi wamkulu akuthirira buloko. Ndiyeno zikoko zija zinayamba kuyenda. Zinafufuma pang'onopang'ono, tinthu tating'ono tikutambasuka ngati zala za khanda, ndipo iwo akuyang'ana chomwecho, kutuwa kunasanduka kubiriwira. Anakhala pansi pafumbi, iwo amene sankakhala pansi popanda kuyala kanthu, ndipo analira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Atatha anathirira miyala yonse, umodzi umodzi, n'kupita kuntchito mochedwa.

Kuyambira tsiku limenelo sanajombe. Anazidziwa ndere monga mmene munthu amadziwira ana a mnzake. Zina zinali zofewa ngati ubweya wa mwana wa mphaka, zina zoyala ngati zipere pamwala, zina zachikasu. Anadziwa kuti zimadzuka m'mawa zikamwa madzi, ndipo dzuwa likakwera zimadzipindanso n'kuoneka ngati zakufa. Ankazilankhula. Ankaziuza za bwana wa ku Kabulonga ndi agalu ake, za bondo limene layamba kuvuta, zinthu zimene akanauza Tiza. Pa zonse zimene mwana wawo anasiya, zovala, mabuku, zithunzi, ndere zokhazi ndizo zinali ndi moyo.

Koma sanauze munthu. Apa ndiye panali kufooka kwa amake Tiza, ndipo tisawanamizire. Mayi amene kwa zaka zonsezi ananyoza makoma a anzake akanayamba bwanji kunena kuti amadzuka m'mamawa kukamwetsa ndere? Ankamva kale kuseka kwa amayi a pampopi. Tsiku lina a Virginia anakumana nawo akuchokera pamphambano, botolo lili m'manja.

"Ba Edna, kuseni-seni so, mwachoka kuti?"

"Nenze kuona ngati ba makala bafika. Aya ni manzi yakumwa panjila."

A Virginia anawayang'ana mwachifundo, n'kuganiza kuti chisoni chikuwasowetsa tulo. Sanafunsenso.

Okutobala anabwera ndi ukali wake. Mipopi inkauma masiku ena, ndipo amake Tiza ankapatula madzi a ndere asanaphike tiyi. Miyala ina ya m'mphepete inawavuta, koma yambiri inapirira, ndipo chibenthu cha penti ya buluu chinkabiriwira kuposa yonse. Kenako uthenga unafika wakuti chiboliboli chidzatsegulidwa Loweruka loyamba la Novembala. Kudzabwera khansala, aphunzitsi a Tiza ndi anzake a kukoleji. Amake Tiza anakonza zonse mumtima. Adzathirira m'mawa kwambiri, kuti malata akamachotsedwa anthu adzaone zobiriwira pakati pa chilimwe, ntchito ya Tiza ili yamoyo. Ndipo pamenepo, pamaso pa onse, adzanena kuti mwana wawo ankanena zoona. Anafuna kuti zimenezi adzazinene kamodzi, ataimirira bwino, atavala chitenje chatsopano.

Lachisanu anapempha tchuthi kuntchito. Anathirira monga mwa masiku onse, n'kukwera minibasi kupita kumanda ku Leopards Hill. Anazula udzu wouma pamanda a Tiza, anasesa, n'kukhala pambali.

"Mailo ni siku yako, mwana wanga," anatero. "Zonse zilipo. Na ija ya pa sitepe ilipo. Uzaona."

Anabwerera dzuwa litapendeka, mtima uli wopepuka koyamba chimwalirire mwanayo. Atatsika minibasi anamva nyimbo ya amayi a mpingo kuchokera kumphambano. Anamwetulira, poganiza kuti akuyeserera za mawa. Atayandikira, mphepo inawabweretsera fungo limene ankalidziwa kuposa fungo lina lililonse padziko. Linali fungo la jiki.

Malata anali atachotsedwa mbali imodzi. Pabwalo panali posesedwa bwino, pothiridwa madzi kuti fumbi ligone. Ndowa zinali pamzere, mabulashi a waya ali m'kati. Ndipo pansi pa zitsulo zija miyala yonse inali mbuu, yoyera ngati mano, uliwonse wopakidwa laimu mpaka pansi.

A Virginia anawathamangira, manja ali oyera ndi laimu, nkhope ikuwala ndi thukuta ndi chimwemwe.

"Ba Edna, mwabwela! Tenze kufuna mupeze tasiliza. Tinakambana ati mailo kubwela balendo bakulu, sitingaleke nchito ya mwana wathu ioneke yadoti. Zija zobiliwila zinafa kudala, kunasala chabe vikoko na fumbi. Imwe sitinafune kukuvutisani, muli na chisoni. So tachita mwamene munatipunzisila. Bulashi poyamba, jiki, elo laimu. Na mumakona tapitamo na miswachi. Yanganani mweka ngati tasiyako."

Amayi onse anasiya kuimba. Anaima ndi zitenje zawo zonyowa, akudikira mawu a mphunzitsi wawo. Ena anali atasiya malonda awo kumsika tsiku lonse chifukwa cha ntchito imeneyi. Shedi ya a Fanwell inali yotseka, anali atapita kukamangirira geti ku Chilenje.

Amake Tiza anayenda pang'onopang'ono n'kugwada. Anayang'ana m'makona, m'ming'alu, pansi pa miyala. Maso awo anali ozolowera kupeza pamene waulesi wadumpha, ndipo tsiku limenelo anapempha Mulungu kuti apeze ulesi, ngakhale pamalo pochepa ngati chikhadabo. Sanapeze. Anali atawaphunzitsa bwino kwambiri. Chibenthu cha kwawo anachidziwa ndi malo ake okha, chifukwa dontho la buluu nalo linali litakwiririka.

Anatulutsa botolo m'chikwama. Munali madzi pang'ono otsala. Anafinya pa chibenthucho, n'kudikira monga ankadikirira m'mawa uliwonse. Madzi anatsetsereka oyera ngati mkaka, n'kulowa m'dothi.

"Samalani, ba Edna," anatero a Virginia mofatsa. "Laimu ikalibe kuuma."

Amake Tiza analibe woti amukalipire. Amayiwa anachita zimenezi chifukwa chokonda iwo ndi mwana wawo. Iwo eni akanangonena mawu amodzi tsiku lija anakumana ndi a Virginia, bwenzi zonsezi kulibe. Anaimirira movutikira, atagwira bondo.

"Mwasebenza," anatero. "Zikomo."

Amayi anaomba m'manja, nyimbo n'kuyambiranso. Amake Tiza anatembenuka n'kumapita kwawo, botolo lili m'manja.

Atafika sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri, n'kugwada pa sitepe paja Tiza anasolola chibenthu. Ankaganiza kuti mwina patsala mbewu yake, kachidutswa ka ndere zomwezo. Analowetsa dzanja, anasuzumira. Munali mouma, moyera, mwaukhondo. Anakumbukira madzulo aja anathiramo jiki ali ndi mkwiyo, Tiza ataima pakhomo. Anayang'ana kuseri kwa bafa, pansi pa thandala la mbale, m'munsi mwa khoma lonse kuzungulira nyumba. Pakhomo pawo panalibe ndere ngakhale imodzi, ndipo pa Kalingalinga ponse panalibe nyumba ina imene ikanadzitama chomwecho.

Anakhala pa sitepe kwa kanthawi. Kenako anadzaza botolo ndi madzi a mumtsuko, n'kutuluka pageti osasintha ndi chitenje chomwe, chimene chinali ndi fumbi la kumanda ndi laimu m'mawondo.

A Virginia anali atangofika kwawo, akusamba m'manja pabeseni panja. Anadabwa kuona mnzawo ataima pampanda ngati mlendo.

"Odi," anatero amake Tiza.

"Ah, ba Edna, mpaka odi? Ngenani."

Sanalowe. Anayang'ana pansi, ndipo mawu anatuluka aang'ono, osafanana ndi a mayi amene ankalamula gulu lonse la mpingo.

"Ba Virginia, nabwela kupempako. Kuseli kwa bafa yanu kuja. Ngati zikaliko, munipaseko ndele."

A Virginia anayamba kuseka, poganiza kuti ndi chipongwe chija cha masiku onse. Koma anaona nkhope ya mnzawo, anaona botolo la timabowo pachitsekero, lomwe lija la m'mawa uja ndi la pamphambano, ndipo kuseka kunawathera pakamwa. Anayang'ana manja awo, mmene laimu anali adakali m'zikhadabo.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ba Edna, mwenze kuzitilila? Zenze zamoyo?"

"Zenze zagona chabe."

A Virginia anakhala pansi pomwepo, pamatope a madzi a m'beseni, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Amake Tiza anawadutsa, n'kuwagwira paphewa podutsapo, chifukwa analibe nawo mlandu. Anapita kuseri kwa bafa kumene anakunyoza zaka zonse zija. M'munsi mwa khoma, mmene madzi osamba amadutsa, munali zikoko zotuwa zambirimbiri. Anagwada n'kufinya botolo.

Ndere zinadzuka. Zinafufuma, zinatambasuka, zinabiriwira bwinobwino monga zija za pamphambano. Sizinali za Tiza, ndipo iwo ankadziwa. Manja a mwana wawo sanazikhudzepo, ndipo mawa alendo adzapeza miyala yoyera, adzayamikira ukhondo wa amayi a ku Kalingalinga. Komabe anapitiriza kuthirira mpaka botolo linatha. Kenako anafunafuna kachibenthu kogwedera m'munsi mwa khomalo, anakasolola mosamala kuti ndere zisasupuke, n'kukakulunga m'mphepete mwa chitenje.

A Virginia anabwera kumbuyo kwawo, maso ali ofiira.

"Muzaipeleka kuja pamphambano?"

"Kuja kuli jiki, ingafe," anatero amake Tiza. "Niyenda nayo kunyumba. Pansi pa sitepe pali malo."